Mikono Khumi ndi Iwiri

Chingwe chinafika pamtengo wa mbibu n'kupitirira. Kalilu anachikoka, anachigwedeza, anachikokanso, koma ayi ndithu, ngodya ya nyumba inkagwera kuseri kwa tsinde, mtengo wonse n'kutsalira m'kati mwa chipinda.

"Yezanso," anatero a Ramadhani, mng'ono wa malemu bambo ake, atatsamira njinga yawo. "Yezanso, mwana wanga, usadzati tinakuumiriza."

Kalilu anabwerera pachikhomo chimene bambo ake, a Yasini, anakhoma pafupi ndi chitsime asanamwalire. Chinali chimodzi chokhacho m'munda wonse wa kuseri kwa nyumba. Anagwada n'kuyambanso kupima chingwe ndi mkono wake, kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Mikono khumi ndi iwiri m'litali, isanu ndi itatu m'lifupi, osadula mtengo ngakhale umodzi. Pakhomopo panalibe amene sankawadziwa mawu amenewa. Malemuwo ankawanena podya, ankawanena pochokera kumzikiti, mpaka ana awo ankaseka kuti bambo apeka nyimbo.

Nyumba imene ankanenayo inali youmbiramo mbiya, ya mkazi wawo a Shamsa. Zaka zonsezi mayiwo ankaumbira pakhonde lakuseri, pomwe mbuzi zinkagunda miphika, mphepo ya mwera n'kung'amba mitsuko isanaume, mvula ikabwera n'kusungunula ntchito ya mwezi wathunthu. A Yasini anali osema mabwato. Moyo wawo wonse anagwetsa mitengo ikuluikulu, ndipo atakalamba anangopachika kasemasema wawo n'kunena kuti, "Ine ndadula yokwana." Ndiye nyumba ya mkazi wawoyi anaiganizira chaka chonse, osafuna kuti idye mtengo wamoyo. Makoma a mdindo, dothi lake lokumba pomwepo, dzenje lotsalalo lizisunga mtapo woumbira. Denga la udzu pa phaso la nsungwi, poti nsungwi ukaidula imaphukanso. Pansi pothira mapale a mbiya zosweka. Khoma lalitali kumwera lotchinga mphepo, madzi a padenga azigwera m'mitsuko. Ngakhale powotcha mbiya anati azigwiritsa ntchito mankhusu a mpunga amene amangotayidwa kuchigayo. Ndipo zonsezi zikhale mumthunzi, pakati pa mitengo itatu ya mbibu, chifukwa mbiya yaiwisi ikaona dzuwa msanga imang'aluka.

Kwa Kalilu anapempha chinthu chimodzi basi. Iye ankayendetsa lole ya wamalonda wina ku Dwangwa, ndipo nsungwi zinali zitadulidwa kale, zikungodikira kwa mnzawo wa bambo ake ku Kanyenda. "Tsiku lina podutsa udzazikweze." Eti pempho lawo lokhalo. Koma chinali chaka chachiwiri cha matipate, lole inalibe tulo: lero anthu opita kumsonkhano, mawa njerwa, mkuja nkhuni zowotchera njerwazo. Kalilu ankangoti sabata yamawa, sabata yamawa. Tsiku lina anachita kuwaseka pamaso. "Bambo, dziko lasintha ili. Anzanu akufolera malata, inu mukadali pa udzu?"

A Yasini anangopopa njinga yawo n'kuyamba kututa okha nsungwi zija, pang'onopang'ono, m'dzuwa la Okutobala lija loswa mutu. Ulendo wina sanafike. Anawapeza atagwa m'mbali mwa msewu, nsungwi zili chimangire panjinga.

Panalibe amene anamuloza chala Kalilu. Pamaliro anthu ankamugwira dzanja, kumuuza kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Zimenezo n'zimene zinkamudya kwambiri. Bola wina akanamutukwana, abale, bola akanamumenya mbama pagulu. Ndiye sadaka itangotha, alendo atabalalika, anatsanzika kuntchito n'kulumbira mumtima kuti nyumba ija aimanga mvula isanagwe, monga mmene bambo ake ananenera, osachotsapo kapena kuwonjezerapo.

Koma chingwe chinafikanso pamtengo wa mbibu n'kupitirira.

"Tabweretsa kuno," anatero a Ramadhani, akupinda malaya. "Ine ndi achimwene tinkabwerekana mikanjo. Mkono wanga ndi wawo n'chimodzimodzi."

Anapima okha, mosathamanga, akuwerenga mokweza kuti aliyense amve. Atatambasula chingwe, chinakathera pomwe paja, mwina kusiyana chikhatho chimodzi. Anachiponya pansi.

"Waona? Achimwene anali atakalamba, mwana wanga. Mtima unkafuna, koma maso anali atayamba kuwanamiza."

"Bambo sankaphonya muyezo," anatero Kalilu. "Bwato lawo munaliona litapendekeka?"

"Bwato ndi bwato, nyumba ndi nyumba. Tamvera. Tidule mitengo itatuyi, tiumbe njerwa, tiwotche uvuni wabwino. Timange chinthu chooneka, cha malata. Mlamu wanga aziumbira m'chisakasa ngati alibe abale? Anthu odutsa ati chiyani? Ati ana a Yasini ndi mng'ono wake alephera. Komanso usaiwale kuti munda uno unali wa bambo athu. Nanenso ndili ndi mawu pano."

Za kumene njerwa zotsala zidzapite sananene, koma mudzi wonse unkadziwa kuti nyumba yawo inaima pa mawindo chaka chatha. Osati kuti anali munthu woipa, ayi. Pamaliro ndiwo analira kuposa onse, mpaka kuchita kuwagwira. Kungoti a Ramadhani akaona mtengo ankaona nkhuni, ngati anthu ambiri masiku amenewo, pamene mauvuni ankafuka utsi msewu wonse kuyambira ku Benga. Ndipo sanabwere okha. Pafupi ndi chitsime panali Layson, wodula mitengo wa m'mudzimo, akunola nkhwangwa pamwala, maso ali pansi ngati nkhaniyo sakuimva.

Rahila, mlongo wake wa Kalilu, anabwera ndi madzi akumwa m'chikho. Anagwada, kupereka kwa a Ramadhani, kenako n'kutembenukira kwa mlongo wake.

"Achimwene, bwanji osangoichepetsa? Ilowe pakati pa mitengoyo, basi nkhani ithe."

"Ndiichepetse?" anatero Kalilu. "Anandipempha nsungwi, sindinabweretse. Lero ndiwachepetserenso nyumba? Anati khumi ndi iwiri, Rahila."

"Anatinso osadula mtengo."

"Ndikudziwa zimenezo!"

Rahila anapukusa mutu. "Iii, koma zinthu zake. Bola tikanaipeza nsungwi yawo ija. Ndafunafuna paliponse, mpaka m'nkhokwe."

"Nsungwi iti?"

"Yoyezera ija. Simunaione? Yowongoka bwino, anaitema mizere ndi mpeni. Chilichonse cha nyumbayi ankayeza ndi imeneyo. Inkakhala patsindwi la khonde lakumaso."

Kalilu anatembenukira kunyumba. Patsindwi la khonde lakumaso.

Tsiku la maliro iye anafika thupi litasambitsidwa kale. Anthu anali pikitipikiti, poti kwa Asilamu maliro sagonera, ndipo iye yekha ndiye analibe chochita, atangoima pabwalo ngati mlendo. Kenako mmodzi wa okumba manda anafuula kuti akufuna kamtengo koyezera thupi. Kalilu anathamanga, kusangalala kuti wapeza ntchito. Anasolola nsungwi patsindwi, yowuma, yowongoka. Analowa nayo m'nyumba, anaigoneka pambali pa bambo ake, anadula kunsonga kumene kunapitirira, n'kuipereka. Mizere ija anaimva ndithu pansi pa chala chake chachikulu, koma mutu unali kwina. Ndipo kwawoko, kuyambira makolo, ndodo imene yayeza maliro sibwerera kumudzi. Imagona m'manda pamodzi ndi mwini wake.

"Ili kumanda," anatero Kalilu.

"Mwati chiyani?"

"Ndinayezera bambo. Ndine ndinaitenga."

Rahila anagwira pakamwa. A Ramadhani anayang'ana kumbali. Ngakhale Layson anasiya kunola. Kalilu anatola chingwe pansi, akuona kuti wawalakwira bambo ake kawiri: nsungwi zimene anazifuna sanabweretse, ndipo imodzi imene anaisamala waikwirira.

A Ramadhani anatsokomola. Polankhula, mawu awo anali atafewa.

"Zachitika, zachitika. Sitingafukule manda chifukwa cha nsungwi. Koma taona kumwambaku." Analoza mitambo imene inkaunjikana kumpoto. "Chizimalupsa chili pafupi. Mbiya za mayi ako zili pakhonde zosawotcha. Tikapitiriza kukoka zingwe, zonsezo zibwerera kudothi. Ine ndikupita kumzikiti kukaswali. Ndikabwerako, Layson ayambe ndi uwu."

Anamenya tsinde la mbibu ndi chikhatho, anakwera njinga n'kumapita.

Kalilu sanapite kumzikiti. Anakhala pansi pamtengopo, akuyang'ana chikhomo cha bambo ake. Munthu mmodzi yekha ndiye anali asanamufunse, ndipo anali yemweyo amene ankamuthawa. Chichitikireni maliro, Kalilu ankangowapatsa moni mayi ake ali pakhomo, maso ali kumapazi, n'kuchoka msanga ngati pali chomupirikitsa. A Shamsa anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye satuluka pakhomo kapena kuonekera kwa amuna achilendo, ndipo nkhani za amuna m'mundamo palibe anawaitanira. Koma si eda imene inkamuletsa Kalilu. Ankaopa nkhope yawo.

Anadzuka, anadzisansa fumbi, n'kuzungulira kuseri.

Anawapeza atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, kamunthu kakang'ono m'nsalu yoyera yofunda kumutu. Mbiya zaziwisi zinali ndandanda m'mbali mwa khoma, zofunditsidwa masaka ndi masamba a nthochi. Pamiyendo anali ndi kamphika kamene ankakasalaza ndi mwala, pang'onopang'ono, osayang'ana.

"Odi, amayi."

"Lero wakumbuka njira ya kuno?"

Kalilu anakhala pansi, kutali pang'ono ndi mphasa.

"Amayi, nyumba ija ikukana."

"Ndamva. Bambo ako aang'ono akalankhula amamveka mpaka kunyanja."

"Nsungwi ya bambo yoyezera ija..."

"Ndinakuona ukuisolola."

Kalilu anadzutsa mutu. "Munandiona? Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Usayezere bambo ako? Inali yawo, apita nayo." Anatembenuza kamphika kaja. "Komanso tsiku lonse lija ndi pokhapo pamene ndinakuona ukuyenda ngati munthu wamoyo. Ndinati musiyeni."

Misozi inalengeza m'maso mwa Kalilu. "Amayi, ine ndikanangokweza nsungwi zija..."

"Ukanakweza, inde." Anayankha mosazungulira, ndipo mawuwo anamulowa ngati munga. "Ndinakwiya nawe, Kalilu, sindikunamiza. Mpaka pano mtima sunatsike bwinobwino. Koma ndinakwiyanso ndi bambo ako. Ndinawauza kuti dikirani kuzizire, dzuwa ili si lanu. Kodi ankamva? Nonse awiri makutu anu ndi okongoletsa mutu." Anaika mwala pansi. "Ndiye wabwera kudzalira, kapena wabwera kudzafunsa?"

"Kudzafunsa."

"Funsa."

"Mikono khumi ndi iwiri sikulowa pakati pa mitengo. Ndayeza ine, ayeza bambo aang'ono. Akuti bambo anaphonya."

"Mwayeza ndi mkono wa ndani?"

"Wanga. Ndi wa bambo aang'ono, poti ngofanana ndi wa bambo."

A Shamsa anadzutsa maso. Kenako, koyamba chimwalirireni mwamuna wawo, anaseka. Kunali kuseka kwakufupi, kowawa, kothera m'chifuwa.

"Amuna inu! Nanga woumba mbiya m'nyumbamo adzakhala Ramadhani?"

Anavundikira kamphika kaja ndi tsamba, anagwira khoma n'kudzuka. Ataimirira sankafika ngakhale paphewa la mwana wawo.

"Uza mnyamata wa nkhwangwayo akhale kaye kumsewu. Munda ndi pakhomo pomwe pano, sindikuswa eda."

Layson anachoka mosanyinyirika. A Shamsa analowa m'mundamo Rahila ali pambuyo, ndipo nthawi yomweyo a Ramadhani anatulukira akukankha njinga. Ataona mlamu wawo anaima patali, mwaulemu.

"Mlamu, mwatuluka?"

"Ndabwera kudzaona nyumba yanga, alamu. Ndamva kuti yakula."

Anagwada pachikhomo, anapinda nsalu mpaka pachigongono, n'kugoneka mkono wawo pachingwe. Kamkono kakafupi, kouma, zala zokhala ndi mtapo m'zikhadabo. Rahila ankawerenga, Kalilu akugwira pamene chala chathera. Pa khumi ndi iwiri anamanga mfundo. Anatambasula chingwe kulowera kumtengo uja.

Mfundo inakagwa isanafike pamtengo, patatsala danga loti munthu n'kudutsa ndi mtsuko pamutu.

Anayeza m'lifupi. Chimodzimodzi. Ngodya zonse zinayi zinakhala mumthunzi, pakati pa mitengo itatu ija, popanda ngakhale muzu umodzi wofuna kudulidwa. Nthambi ina yaikulu yotsika, imene Kalilu ankaiona ngati yotchinga, inkadutsa pamwamba pomwe denga likanathera.

"Bambo ako anabwera ndi nsungwi ija ndikuumba," anatero a Shamsa, akupukuta mkono. "Akuti tandibwereka mkono. Ine ndinati mukufuna mundiyezere sanda ya maliro ndikadali moyo? Akuti ayi, nyumba ndi ya woumba, muyezo ukhale wa woumba. Anandiyeza nditakhala, anandiyeza nditagwada, anandiuza nditambasule dzanja uku ndi uku. Akuti chilichonse, madzi, mtapo, thandala loyanikapo, chikhale pomwe ndingafikire osadzuka, chifukwa mawondo angawa atha. Tinakangana tsiku limenelo, anandiswetsa mtsuko."

A Ramadhani anayenda mozungulira chingwe chonse, manja ali kumbuyo. Anaima pangodya, anayang'ana nthambi ija, anayang'ana pansi. Anavula chisoti, anakanda m'mutu, anachivalanso.

"Achimwene," anatero motsitsa, ngati akulankhula ndi munthu amene waima pomwepo. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Kenako anakweza mawu kuloza kumsewu. "Layson! Pita nayo nkhwangwayo. Mawa ubwere ndi khasu, tikumbe dothi la mdindo."

Za njerwa sanazitchulenso, ngakhale pankhope pawo pankaoneka kuti mawindo a nyumba yawo awakumbukira.

Kalilu anayamba kukhoma zikhomo m'ngodya. Nyumba inali italowa, mitengo inali itapulumuka, koma iye sanapepukidwe. M'malo mwake chisoni chinachita kukula. Chaka chathunthu bambo ake ankayeza mthunzi, ankayeza mawondo a mkazi wawo, iye ali kuseka za malata. Munthu wotere ndiye anamusiya akutchova njinga padzuwa.

Atamaliza anaima pakati pa zingwezo, mutu uli pansi.

"Denga ndaliona, amayi. Makoma ndawaona. Nanga khomo? Mikono ingati?"

"Khomo linalibe mzere pansungwi paja."

"Anaiwala?"

"Bambo ako kuiwala khomo?" A Shamsa anatembenukira kwa Rahila. "Tatenga nsungwi imodzi apo."

Rahila anabweretsa, ndipo mayi ake anamulozera mbali yoyang'ana kunyumba. Anaiimika pamenepo, ataigwira ndi manja awiri.

"Ndinawafunsa ngati mmene wafunsiramu," anatero a Shamsa. "Ndinati khomo ndiye losavuta, ine ndine wamfupi, chepetsani tisawononge udzu. Akuti ayi, khomo si lako. Ndinati nanga n'la ndani, poti nyumba ndi yanga? Akuti m'banja muno wamtali ndi Kalilu. Akadzabwera kudzakuona, asadzalowe chowerama ngati wakuba. Khomolo tidzayeza iye akabwera." Anayang'ana kumsewu. "Ndiye ankadikira. Lole iliyonse ikalira kumsewu ankasiya chimene akuchita."

Kalilu analephera kudzigwira. Mapewa anayamba kugwedezeka, misozi ikugwera pafumbi.

"Ima apa," anatero mayi ake.

Anaima, msana utatsamira nsungwi. A Shamsa anapita padzenje la pachitsime, anaviika chala chachikulu m'matope, n'kubwerera. Anayang'ana mwana wawo kuchokera kumapazi mpaka kumutu umene unali chizolikire pachifuwa.

"Ukatero ndiyeza zabodza. Dzutsa mutu."

"Amayi, sindingathe."

"Dzutsa mutu, Kalilu. Si ine ndanena."

Anaudzutsa pang'onopang'ono. A Shamsa anagwira phewa lake ndi dzanja limodzi, ananyang'ama pa zala za kumapazi, anatambasula kamkono kawo kaja mpaka kumapeto, n'kudinda chala pansungwi, pamwamba pa mutu wake.